Thanki Pamalo pa Nyumba ya Amayi

Kumunda, Childers
9 Ogasiti 1993

Des,

Moni mlongo wanga. Ndikhulupirira kuti udzudzu wa ku mtsinje wa Sepik sunakumalize. Ife kuno tilipo. Mkazi wanga Lorelle akupereka moni, ana akungodya ndi kukula, ndipo Amayi ali bwino, pakamwa pawo ndi pomwe paja.

Umandidziwa kuti makalata si mbali yanga, ndiye ndingolunjika. Nzimbe zatikana. Chaka chino ndadula, ndatumiza kufakitale, zomwe zabwerako zangothera feteleza ndi dizilo. Munda wa kumunsi uja, wa m'mphepete mwa msewu, ukungotidyera mphamvu. Bambo omwe ankautukwana ali moyo.

Tsono ndaganiza chonchi. Chaka ndi chaka okalamba a ku Victoria, kumwera kuja, amabwera kuno ndi makalavani awo, ngolo zogonamo zokoka ndi galimoto, kuthawa chisanu, ndipo ambiri safunanso kubwerera. Akusowa poika tinyumba tija timabwera pa lole titamangidwa kale, tongofuna kulumikiza madzi ndi magetsi. Kanyumba azigula okha, ife tizingowabwereketsa ploti. Munda wa kumunsi ukwana maploti makumi atatu.

Ndakuikira mapu amene wajambula injiniya wa ku Bundaberg. Usaope mizere. Yabuluu ndi mapaipi a madzi, yofiira ndi magetsi, yakuda ndi ya zonyansa za m'zimbudzi, yopita ku maenje a kumapeto kwa mpanda, kutali ndi chitsime. Madzi tizipopa m'chitsime chija adaboola Bambo, akwere m'thanki, kenako azitsika okha kupita pa ploti iliyonse. A magetsi akuti tifunika thiransifoma yathuyathu, apo ayi okalamba onsewo akayatsa maketulo nthawi imodzi tonse tili mumdima. Ploti iliyonse ikhala ndi mita yake, chifukwa sindikufuna kudzaweruza milandu ya amene amasamba nthawi yaitali. Msewu wa m'kati uyenera kukhala wotakata kuti lole yonyamula kanyumba izitha kukhota, ndipo m'mbali mwake mukhala ngalande.

Malowa ali m'dzina la iwe ndi ine, choncho khonsolo ikufuna tisayine tonse awiri. Banki nayo situlutsa kanthu khonsolo isanavomere. Sayina pomwe ndaika mtanda, ubweze msanga. Khonsolo ikhala pansi kumapeto kwa Okutobala, ndipo ndikufuna ntchito yolemera ithe mvula isanayambe. Dothi lofiira la kuchitunda ukulidziwa, likanyowa ngakhale thirakitala imagona pomwepo.

Utiuze ngati ubwera pa Khirisimasi. Amayi safunsa, koma kalendala amaiyang'ana.

Mlongo wako,
Errol

Chipatala cha mishoni, Ambunti, Papua New Guinea
30 Ogasiti 1993

Errol,

Moni. Kalata yako yafika dzana pa kandege ka katundu, itanyowa ngodya imodzi. Ndili bwino, kungoti ndatsala namwino ndekha, mnzanga uja anabwerera kwawo ndipo wina sanabwere. Moni kwa ana. Kwa Lorelle nayenso.

Mapu ndawaona. Wati ndisaope mizere, ndiye sindinaiope, ndaitsata ndi chala umodziumodzi monga ndimafunira mtsempha pa mkono wa wodwala. Ndi okongola ndithu. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tandiuza. Mzere wabuluu wafika pa ploti iliyonse, wafika ngakhale pa kanyumba kochapira zovala ka alendo. Wofiira chimodzimodzi. Nanga kuchitunda, pamene pali nyumba ya Amayi, bwanji sipakufika waya wa magetsi kapena paipi ya chimbudzi? Nyumba yeniyeniyo sindikuiona n'komwe. Pamalo pake pali chozungulira cholembedwa kuti thanki. Kodi Amayi azigona m'thankimo?

Chachiwiri ndi ploti yoyamba, ya pageti. Ena onse ndi tizidutswa tofanana, iyo yokha ndi yaikulu kawiri, waya wake ndi wonenepa, ndipo ili ndi kanjira ka simenti mpaka pakhomo. Kanyumba ka pa lole sikafuna zonsezo. Ndi ya ndani? Ndikufunsa chifukwa ndikukumbuka kuti mayi ake a Lorelle akhala akudandaula za lendi ku Gympie kuyambira tsiku la ukwati wanu.

Usandione ngati wovuta. Bambo atamwalira unagulitsa thirakitala yawo yaing'ono ija ine ndili m'ndege, ndinadzamva kwa anthu kutchalitchi. Unati unaiwala kundiuza. Ulendo uno sindikufuna kudzamvera kutchalitchi. Wilo ya Bambo, chikalata chawo cha masiye, ikunena poyera kuti Amayi akhala m'nyumba imene ija mpaka tsiku lawo lomaliza, ndipo dzina langa silipita pa pepala limene lafufuta nyumbayo.

Yankha mafunso awiriwo osazungulira, ndisayina tsiku lomwelo. Za Khirisimasi sindikudziwa, zitengera ngati anditumizire wondilowa m'malo.

Desley

Kumunda
4 Seputembala 1993

Desley mwana wanga,

Moni. Uli bwanji kumeneko? Ukudya? Pa chithunzi chija unatumiza waonda ngati nzimbe ya chaka cha chilala, ndipo za tsitsi sindinena. Ine ndili bwino kwambiri, usamvere za wina.

Ndikulemba ndili pansi pa nyumba, pakati pa mizati yaitali imene yainyamula m'mwamba, pafupi ndi makina ochapira. Masiku ano ndimakonda pano. Pali kamphepo, ndipo aliyense wolowa pageti ndimamuona iye asanandione. Errol wanditsitsira wailesi ndi mpando wa bambo ako. Lorelle amabwera ndi chakudya madzulo aliwonse, ngakhale nyama amaiphika mpaka ipepese. Ndamuuza kuti manja ndili nawo, koma samva. Kutchalitchi ndayamba ndapuma, m'busa watsopanoyu amalalikira ngati akuwerenga mitengo ya feteleza.

Mapepala a Errol akufika, eti? Sayina, mwana wanga, usamuvutitse. Mapuwo ndawaona, ndipo ndagwirizana nazo zonse. Anthu a injiniya akhala akuzungulira kumunsi ndi zikhomo ndi tinsalu tofiira. Sabata yatha anakumba maenje, kuthiramo madzi, n'kukhala pansi kumayang'ana mmene akuphwera, amuna atatu athunthu a ndevu zawo. Ati akuyesa ngati dothi lingamwe za m'zimbudzi. Bambo ako akanaseka mpaka kutsokomola. Madzi a m'chitsime nawo anawatengera ku Brisbane m'mabotolo kukawapima, madzi amene inu nonse munakulira osadwalapo m'mimba. Abwera nalo yankho loti ndi abwino. Ndinati akanandifunsa ine sakanaononga petulo.

Mlongo wako waonda nayenso. Amadzuka kusanache, amagona ndi mapu, ndipo akamalankhula ndi a banki pa foni mawu ake amachepa ngati a mwana wa sukulu. Si wochenjera pakamwa ngati iwe, koma akuyesetsa.

Ukandilembera usandifunse mafunso a kuchipatala. Odwala ako ali konko. Unditumizireko khofi wa kumeneko akapezeka wobwera, wa m'sitolo kuno ndi fumbi.

Mayi ako

Kumunda, Childers
21 Seputembala 1993

Des,

Moni. Tili bwino. Kalata yako ndaiwerenga kawiri, kachiwiriko ndili m'shedi kuti ana asaone nkhope yanga.

Za thanki. Madzi sakwera phiri okha. Pamunda ponse malo okwera ndi amodzi, ndi pamene pali nyumba. Tikaika thanki kwina tifunika pampu yachiwiri yoyenda usana ndi usiku, ndipo magetsi akazima, monga amazimira mvula iliyonse ya mabingu, maploti onse alibe madzi, mipope ya ozimitsa moto nayo gwa. Tinyumba timeneti timakhala moyandikana, kamodzi kakayaka tonse tapita. Khonsolo singavomere zimenezo. Si nzeru zanga, ndi za injiniya, ndipo akunena zoona.

Za ploti yoyamba. Ili ndi mwini wake kale. Si mayi ake a Lorelle, ndipo Lorelle analira ataona zimene unalemba, munthu amene amaphikira mayi ako tsiku lililonse iwe uli kutsidya kwa nyanja. Mwini plotiyo anandipempha kuti ndisanene kanthu, ndipo ndinalonjeza. Chomwe ndingakuuze n'chakuti Amayi sagona panja, sapita kunyumba ya okalamba, ndipo wilo ya Bambo ndikuidziwa monga ukuidziwira iwe.

Thirakitala ija ndinagulitsa kuti ndilipire bokosi ndi maliro. Ukanafunsa chifukwa ndikanakuuza, koma unangondiweruza n'kukwera ndege. Zaka zonsezi wokwera padenga ndine, wothira mankhwala a chiswe m'mizati ndine, chimbudzi chikadzaza woitanidwa ndine. Iwe umabwera kamodzi pa zaka ziwiri ndi mphatso zokulunga bwino, n'kuyendetsa chala pamwamba pa firiji kufuna fumbi.

Sindikupempha zambiri. Undikhulupirire kamodzi kokha. Pepala likafika pakati pa Okutobala, msonkhano tiupeza.

Errol

Ambunti
11 Okutobala 1993

Amayi okondedwa,

Moni. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli ndi mphamvu. Yanu ndi ya Errol zafika tsiku limodzi, chifukwa kandege kanatha milungu kasakutera, bwalo linali matope okhaokha. M'thumba lomwelo munali ya Narelle, mnzanga wa kusukulu uja amagwira ntchito ku positi. Ndaziyala zitatuzo pa tebulo, ndipo kuyambira pamenepo chakudya sichikulowa.

Narelle akuti mwamuna wake anaona lole ya a Schulz, aja amadula nyumba za matabwa pakati, kuzinyamula n'kukazigulitsa kwa anthu a ku Brisbane, itaima pabwalo panu kawiri. Akuti antchito awo anali kuyeza makoma ndi tepi, wina atakwera makwerero kuyang'ana mitanda ya pansi. Munthu ameneyo sayeza nyumba pofuna kuipaka penti. Akutinso kutchalitchi simunaoneke kuyambira Juni, ndipo anthu akafunsa, Lorelle amangoti muli bwino n'kusintha nkhani.

Tsono inu mukundiuza kuti mumakonda kukhala pansi pa nyumba. Inu, Amayi? Inu amene munkatikalipira kuti pansipo ndi pa agalu ndi achule? Wailesi yatsika, mpando watsika, chakudya akukubweretserani ngati mkaidi. Zilembo zanu zapendama, ndipo mawu oti "ndagwirizana nazo zonse" si anu. Chibadwire sindinakumveni mukugwirizana ndi zonse za munthu aliyense, ngakhale za Bambo. Ine ndikuona kuti akukuzolowezani pang'onopang'ono kukhala kunja kwa nyumba yanu, kuti tsiku lodzainyamula musadzavute. Ndikaganiza zimenezi mtima umandiwawa, ndipo ndikuchita manyazi kuti ndili kutali chonchi.

Errol akuti ndimukhulupirire, koma funso lalikulu walilumpha. Akuti simugona panja. Sananene kuti mugona m'nyumba mwanu.

Ndiye ndachitapo kanthu. Ndalembera khonsolo kuti ine, mwini theka la malowo, sindinavomere, ndipo ndikutsutsa pulani yonse mpaka nditabwera kudzaona ndi maso anga. Kalatayo ipita ndi abusa amene akunyamuka mawa kupita ku Cairns, ifika msonkhano usanachitike. Musaope, Amayi, ndipo musasayine chilichonse chimene angakupatseni. Inoyi ndadzeretsa kwa Narelle kuti akupatseni m'manja, isadutse kwa Errol. Palibe adzakuchotseni m'nyumba imene ija ine ndili moyo.

Khofi ali m'phukusi lomweli.

Mwana wanu,
Desley

Kumunda, Childers
2 Novembala 1993

Desley,

Moni ndikukupatsa chifukwa tinaleredwa choncho.

Khonsolo inakhala pansi Lachinayi. Mlembi anawerenga kalata yako mokweza, holo yonse ikumva, ine nditavala tayi pa benchi ya kutsogolo. Nkhani yathu aikankhira ku Febuluwale. Banki yabweza mapepala m'kabati. Wakwanitsa.

Amayi atawerenga ija unawadzeretsera kwa Narelle anati, "Muuze basi, Errol. Lonjezo lija ndakumasula." Ndiye tamvera.

Mu Juni Amayi anagwa pa masitepe a kumaso atanyamula dengu la zovala. Fupa la m'chiuno linang'aluka. Anagona m'chipatala ku Bundaberg, ndipo tsiku loyamba lomwe anandigwira dzanja n'kundilumbiritsa kuti iwe usamve. Anati ukamva usiya odwala ako, ubwera kudzawalamula ndi kuwawerengera mapilisi, kenako uwapezera bedi kwa okalamba chifukwa ndi zimene mabuku ako amanena. Ndinawauza kuti akulakwitsa. Umawadziwa.

Chitulukireni m'chipatala sanakwereponso masitepe aja. Ndinayesa kuwanyamula kamodzi, anandimenya ndi ndodo njira yonse, ati iwo si thumba la feteleza. Kubwera kwathu anakana. Akugona pansi pa nyumba, pa kabedi kopinda kaja Bambo ankapita nako kokawedza, kuseri kwa malata amene ndinakhoma kutchinga mphepo. Amasamba m'beseni la zovala. Akagona chagada amayang'ana matabwa a pansi pa chipinda chawo chomwe.

A Schulz sanabwere kudzagula. Ndinawaitana ndine, kuti nyumbayo aidule pakati, aitsitse kuchitunda, akailumikizenso pa ploti yoyamba, pa mizati yaifupi, sitepe imodzi yokha. N'chifukwa chake plotiyo ndi yaikulu. Waya wonenepa ndi wa chitofu chawo chakale chija, kanjira ka simenti n'ka ndodo yawo, ndipo ili pageti kuti ambulansi izifika ngakhale kugwe mvula yotani. Nyumba yomweyo, khonde kuyang'ana kum'mawa monga kale. Malowo anasankha okha, ndinawatengera pa galimoto, chikhomo choyamba anakhoma ndi dzanja lawo. Kungoitsitsa pomwe ilipo sikukanathandiza. Mizati yadyedwa ndi chiswe, dzenje la chimbudzi lagumuka, ndipo msewu wa kuchitunda m'dzinja si msewu. Ndalama ya ntchito yonseyi inali m'ngongole ya banki yomwe ija.

A Schulz anatisungira sabata yachiwiri ya mwezi uno. Dzulo ndawaimbira kuti aipereke kwa wina. Akuti dothi lathu salipondanso mpaka Meyi.

Unena kuti unafunsa ndipo sindinayankhe. N'zoona. Ndinapanikizika pakati pa lonjezo ndi iwe, ndipo ndinkaganiza kuti mawu anga akukwanira. Koma iwe unasankha mawu a mwamuna wa Narelle, munthu amene anaona lole akudutsa pa liwiro pamsewu. Kandimverere adakanena za m'maluwa.

Mitambo yayamba kale kusonkhana masana. Ndikukumba ngalande kuzungulira pansi pa nyumba ndi kuunjika matumba a mchenga. Pepala lina ndaikamo. Uchite nalo zimene ukufuna.

Errol

Ambunti
19 Novembala 1993

Errol,

Moni, ngati ungaulandire. Pepala ndi ilo, ndasayina. Ndaikamonso kalata ya kukhonsolo yochotsa chitsutso changa. Ukaipereke wekha, mwina akaona nkhope yako aitanitsa msonkhano wapadera. Apemphe. Apemphenso a Schulz, ngakhale atakweza mtengo. Ndili ndi kangachepe ku banki ya ku Cairns, tenga konse.

Ndalira, ngati ukufuna kudziwa. Koma ndakwiyanso, ndipo sindibisa. Ndine namwino, Errol. Munthu wa zaka zawo, wothyoka chiuno, sagona pa kabedi ka nsalu pamwamba pa simenti ya chinyezi miyezi yonseyi. Chifuwa chawo wachimvera ndani? Miyendo ikutupa? Akutsokomola m'mawa? Inu awiri munapangana kundibisira chinthu chokhacho chimene ndimachidziwa kuposa inu, n'kunditumizira mapu a mapaipi kuti ndingosayina ngati mwana. Ukanakhala iwe, utaona thanki pamene panali chipinda cha mayi ako, ukanatani?

Mvula isanalimbe uwatenge upite nawo kwanu, akumenye ndi ndodo ngati akufuna. Ndalankhula ndi akulu a mishoni pa wailesi. Akuti wondilowa m'malo afika Januwale akatha, ndipo pano pali amayi oyembekezera amene sindingawasiye ndi mlonda. Ndikangomuona akutsika m'kandege, ine ndikukwera komweko.

Umuuze Lorelle kuti ndinamulakwira, ndimulembera payekha. Kwa Amayi ndayamba makalata atatu, onse ndang'amba. Sindikudziwa poyambira.

Des

Kumunda, Childers
17 Januwale 1994

Des,

Moni. Bwera tsopano, usadikire kuti mwezi uthe.

Msonkhano wapadera uja a khonsolo anakana. A Schulz anabwera, anaponda dothi ndi chidendene, n'kupukusa mutu. Amayi tinawatengera kwathu pa Khirisimasi monga unanenera. Anapirira masiku angapo, kenako tinawapeza pamsewu ndi ndodo yawo atayamba ulendo wobwerera, ndiye ndinawabweza ndekha pa galimoto kusiyana n'kuti agwere m'ngalande.

Sabata yatha kunagwa mvula yosalekeza. Matumba anga a mchenga anagwira mpaka Lachiwiri. Lachitatu m'mawa Lorelle anawapeza ali pansi, m'madzi ofika mu akakolo. Anaterereka pofuna kupulumutsa wailesi. Ndi chiuno chomwe chija, ndipo tsopano pawonjezeka chibayo. Ambulansi inalephera kukwera kuchitunda, tinawatsitsa pa ngolo ya thirakitala, Lorelle atawafungatira.

Ali ku Bundaberg. Adokotala akuti moyo apulumuka, koma kuyenda ayi, ndipo azifunika anamwino usana ndi usiku. Ndinafunsa za nyumba ya sitepe imodzi. Anati nthawi ya zimenezo yapita.

Sindikulemba kuti ndikuimbe mlandu, ndatopa nazo. Ungobwera.

Errol

Kunyumba ya okalamba, Childers
6 Juni 1994

Desley mwana wanga,

Moni. Unafika bwino ku mtsinje wakowo? Errol akuti watsala ndi miyezi iwiri kuti umalize, ubwere konkuno kotheratu. Usathamange, ine sindikupita kulikonse, anandilanda ndodo n'kundipatsa chikuku. Ndikulemba ndekha, ukhululuke mizere yokhota.

Pano si poipa. Amatidzutsa m'mawa kwambiri ngati tili ndi kopita, ndipo nyama ya pano yandiphunzitsa kulemekeza Lorelle. Kumunda akuti khonsolo inavomera mu Febuluwale, mapaipi onse alowa pansi, thiransifoma yaima, tinyumba tinayi tafika kale. Ploti yoyamba ija aigawa pawiri, theka latengedwa ndi banja la ku Geelong lokhala ndi kagalu kolusa.

Unali pano mu Malichi pamene tinagwirizana kuti nyumba igulitsidwe kwa a Schulz kuti ilipire malo anga ano. Ndinakuona ukusayina. Sunafunse funso ngakhale limodzi, ndipo ndinalakalaka ukanafunsa, chifukwa Desley wosafunsa ine sindimudziwa. Iwe ndi Errol munkapatsirana cholembera ngati anthu ongokumana pa depoti. Zimenezo zimandipweteka kuposa chiuno. Mlanduwu usausenze wekha. Mbewa ya manyazi idafera kuuna, ndipo mbewayo ndine, ndinaopa kuti mwana wanga andione ndikukwawa. Koma nawenso mlongo wako unamuyesa wakuba pamaso pa tauni yonse, ndipo zimenezo sizifufutika ndi kusayina pepala. Ukabwera uyambire kwa iye, kwa ine ufike pambuyo.

Nyumba anainyamula Lachiwiri lapitali. Errol sanafune kundiuza tsiku, koma Lorelle anandinong'oneza, ati zobisa zatikwana. Msewu waukulu umadutsa kumaso kwa nyumba ino, ndiye ndinavuta mpaka namwino wa m'mawa, mayi wa ku Tonga dzina lake Sela, anandikankha kukandiika pakhonde atandifunda bulangeti. Dzuwa linali litangotuluka.

Kunayamba galimoto ya apolisi, kenako malole awiri, akuyenda pang'onopang'ono moti munthu wapansi akanawapitirira. Theka loyamba linali la zipinda zogona, mbali yodulayo ataitchinga ndi lona. Theka lachiwiri linali la khitchini ndi khonde. Pa mphambano paja mawaya a magetsi ndi otsika, ndiye lole yachiwiriyo inaima kuti munthu akwere padenga akawakweze ndi mtengo. Inaima patsogolo panga penipeni, nthawi yoti munthu n'kumwa tiyi n'kumaliza. Makatani anga achikasu anali pawindo la khitchini, palibe anakumbuka kuwachotsa.

Sela anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Mayi Kleidon, mukuidziwa nyumbayi?" Ndinamuuza kuti ana anga onse awiri anaphunzirira kuyenda pakhonde limenelo. Anangondigwira phewa.

Kuti yagulitsidwa ndinali nditavomereza kale, sizinandilize zimenezo. Chinandiliza n'china. Masitepe aja anali atawachotsa, mizati kulibe, ndipo malole a a Schulz ndi aafupi, mimba pafupi ndi phula. Chikhalireni sindinaionepo nyumba yanga ili pansi chonchija. Khomo la kumaso linali apa, Des, kutsidya kwa msewu, kunsi kwake kukungofika m'chiuno mwa wapolisi amene anaima pambali pake. Miyezi yonse ija ndinkaliyang'ana kuchokera pansi, khosi litapindika. Tsiku limenelo akanangondiwolotsa msewu, Sela yekha akanatha kundilowetsa.

Kenako mawaya anakwera, lole inanyamuka kulowera ku Brisbane.

Mayi ako,
Dulcie